Kodi Amai a Ambuya Anu Anali Yani?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa Achewa okhala mu Lusaka, pokonzekera ulendo wa ku Kulamba

Yooo Gawa!

 Ndiyambe ndi kuomba m'manja kwa eni nthaka ino, Asoli a kwa Nkomeshya, pakuti ife tinabwera kuno pa basi, ndipo mlendo sayamba nkhani asanalonjere mwini mudzi. Asuweni athu Abemba ndawaona ali apo pafupi ndi mapoto. Khalani omasuka, mbewa tasunga zokwanira.

Akomiti anandipempha kuti ndilankhule za mbiri ya mafumu. Ine ndinawapempha kuti andilole kulankhula za azimai amene anabala mafumuwo, ndiponso za azimai amene anabala inu ndi ine. Anavomera, ngakhale kuti ena anayamba akanda kumutu.

M'chaka cha 1974 ndinali mphunzitsi wamasamu, wachinyamata, pa sukulu ina ya sekondale ku chigawo cha Kum'mawa. Masiku amenewo aphunzitsi ambiri a m'sekondale anali ochokera kunja, ndipo mmodzi wa iwo, Mngelezi wophunzitsa mbiri yakale, anali bwenzi langa. Tsiku lina madzulo anandiitanira tiyi ku nyumba kwake, natulutsa chipepala chachitali chokulunga ngati mphasa. Titachitambasula chinadzaza thebulo lonse mpaka kulendewera. Panali maina aanthu, mzera pamwamba pa mzera, olumikizidwa ndi timizera ta inki. Pansi peni-peni panali dzina lake. Pamwamba peni-peni panali dzina la mai wina wa ku France: Eleanor wa ku Aquitaine.

Mai ameneyu ndimuuzeniko pang'ono, chifukwa Azungu ambiri ofufuza makolo awo amalakalaka kukafika pa iye. Anabadwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1120. Atate ake atamwalira mu 1137, iye ndiye analowa m'malo mwawo pa dziko lalikulu la Aquitaine, kum'mwera cha kumadzulo kwa France, ndipo chaka chomwecho anakwatiwa ndi Louis VII, mfumu ya France. Anamubalira ana awiri, onse aakazi. Mu 1152 ukwatiwo unathetsedwa ndi akulu a mpingo ponena kuti awiriwo anali pachibale chapafupi, koma aliyense ankadziwa kuti chimene chinkavuta mfumuyo ndi kusowa mwana wamwamuna. Ana aakazi aja anatsala kwa atate awo. Taonani kusiyana kwake ndi kwathu: mai wobala ana aakazi awiri ife timati wakulitsa mudzi, ndipo ukwati ukatha mkamwini ndiye amanyamula mphasa yake, ana n'kutsala ndi mbumba. Patangopita miyezi iwiri Eleanor anakwatiwa ndi Henry, amene mu 1154 anakhala mfumu ya England. Kumeneko anabala ana 8. Awiri mwa iwo, Richard ndi John, analamulira England. Mwana wake wamkazi wina anakwatiwa ndi mfumu ya Castile, wina ndi mfumu ya Sicily. Mwamuna wakeyo anamusunga m'ndende zaka pafupi-fupi 16 chifukwa choyimira kumbali ya ana ake pamene anaukira atate awo. Anatulukamo mu 1189, nakhalabe ndi mphamvu mpaka imfa yake mu 1204, ali ndi zaka za m'ma 80. Manda ake ali ku Fontevraud. Mfumu Charles III ya ku Britain ndi mdzukulu wake wakutali kudzera mwa John uja.

Bwenzi langa atatha kundionetsa zonsezi anandifunsa mwaulemu kuti, nanga inu kwanu mungafike pati? Ndinatchula amai anga. Ndinatchula ambuya anga obala amai. Kenaka ndinangoti kukamwa yasa. Ndinali ndi satifiketi ya uphunzitsi, ndinkadziwa maina a mafumu a ku England amene tinaloweza pa sukulu, koma dzina la amai a ambuya anga sindinalidziwe. Tiyi uja sanandikomere.

Tchuthi chitafika ndinakwera basi kupita kumudzi kwathu, m'dziko la a Kawaza, ndili ndi kabuku ndi pensulo. Ambuya anali akali moyo. Ndinawapeza akutongola chimanga pakhonde, ndipo nditawauza chimene ndadzera anaseka kwambiri, nati mwana wa sukulu wabwera kudzaphunzira kwa mbuli. Koma anayamba kutchula. Anatchula amai awo, ambuya awo, ndi amai a ambuya awowo, osadodoma ngakhale pang'ono, ndipo pa dzina lililonse ankaonjezapo kumene mwini dzinalo anagona, ana amene anabala, ndi bele limene linatuluka mwa mwana wamkazi aliyense. Pamodzi ndi amai anga ndi iwo eni, maina anakwana asanu. Wachisanu ndi chimodzi dzina lake linali litatayika. Ankangomudziwa kuti ndi mai uja anabisa ana ake kuphanga. Ndinabwerera ku sukulu ndili ndi mibadwo 6 ya azimai, yochokera m'mutu mwa nkhalamba imene sinagwirepo cholembera.

Tsono ndifuna kuti timvetsetsane bwino pa zinthu ziwiri: chimene chipepala cha Mngelezi uja chinali, ndi chimene ife tili nacho.

Chipepala chija chinatheka chifukwa cha zolembedwa. Ku England lamulo lakuti mpingo uliwonse uzilemba maina a obatizidwa, okwatirana ndi oikidwa m'manda linaperekedwa mu 1538. Mabanja a anthu olemera ndi achifumu anali ndi alembi awo kale-kale chisanafike chaka chimenecho, chifukwa minda ndi maudindo zinkayenda ndi mapepala. Munthu wamba akafufuza nafika pa kholo limodzi lokha la m'banja lotchuka, kuchokera pamenepo njira imakhala yolambulidwa kale mpaka ku nyumba za mafumu. Koma njirayo siyenda mowongoka. Pa chipepala cha bwenzi langa inkadumpha kuchoka kwa atate kupita kwa amai, kubwerera kwa atate, kulikonse kumene kunali dzina lomveka. Alimi, osula zitsulo ndi antchito a m'nyumba amene anali makolo akenso, ndipo anali ochuluka koposa, pa chipepalapo panalibe malo awo.

Apa mundilole ndibwerere ku ntchito yanga ya masamu. Munthu aliyense ali ndi makolo omubala 2, agogo 4, makolo a agogo 8, kenaka 16, 32, motero-motero. Pa mibadwo 10 chiwerengero chimafika 1,024. Pa mibadwo 20 chimapitirira miliyoni imodzi. Pa mibadwo 30, imene ndi zaka pafupi-fupi 800, chimapitirira biliyoni imodzi. Koma m'masiku a Eleanor anthu a pa dziko lonse lapansi sanafike ngakhale theka la biliyoni. Tanthauzo lake n'lakuti maina omwewo amabwera kawiri-kawiri pa mzera wa munthu mmodzi, chifukwa anthu ankakwatirana ndi abale awo akutali, monga momwe ife tinkakwatirana pa chisuweni. Katswiri wina wamasamu wa pa yunivesite ya Yale, Joseph Chang, anaonetsa mu 1999 kuti sipafunika mibadwo yambiri kuti anthu onse a mtundu umodzi akumane pa kholo limodzi. Kotero mai wobala ana 10 zaka 800 zapitazo, ana akenso nabalana, ndi kholo la Azungu ochuluka zedi, kaya ali ndi chipepala kaya alibe. Bwenzi langa sananame. Kungoti woyendetsa basi wa m'tauni ya kwawo ayenera kuti anali mdzukulu wa Eleanor chimodzi-modzi.

Ife tili ndi mai wathu amene dzina lake limatchulidwa ndi ulemu woterewu. Ndiye Nyangu. Mbiri ya pakamwa imati a Phiri anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, ndipo pambali pa Kalonga panali Nyangu, mai wa ufumu. Anapeza a Banda, eni mvula, amene kachisi wawo anali ku Kaphirintiwa, pambuyo pake ku Msinja, m'manja mwa Makewana. Mitundu iwiriyi inamanga ubale motere: Kalonga ankakwatira Mwali wa kwa a Banda, koma wolowa ufumu sankachokera mwa Mwali ayi, ankachokera m'mimba ya Nyangu. Likulu linakhazikika ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Zimenezi si nthano chabe. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba napeza mikanda yagalasi, zipangizo zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo buku lake la zimenezi linatuluka mu 2020. Apwitikizi nawo analemba za mfumu yamphamvu ya Amaravi yotchedwa Muzura, imene Gaspar Bocarro anacheza nayo mu 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa.

Pali mfundo imodzi m'mbiri imeneyi imene imaonetsa kulemera kwa mai. Undi atasemphana ndi Kalonga, nachoka ku Mankhamba kukamanga ku Mano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, sanatenge chuma chokha kapena asilikali okha. Anatenga Nyangu ndi azimai a m'banja lachifumu. Kuyambira pamenepo a ku Mankhamba akafuna Kalonga watsopano ankayenera kuyang'ana kwa Undi, popeza kumeneko ndiko kunali bele lobala mafumu. Wotenga nkhokwe watenga chakudya cha chaka chimodzi. Undi anatenga mbeu. N'chifukwa chake ufumu wa ku Mankhamba utatha ndi imfa ya Kalonga Sosola m'zaka za m'ma 1860, dzina la Kalonga silinafe. Lero tikupita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pa mwambo umene atsamunda analetsa m'zaka za m'ma 1930, umene Gawa Undi Chivunga anautsanso mu 1984, ndipo umene Gawa Undi Mkhomo V apitiriza chilowereni ufumu mu 2004. Mukafika pa bwalo, yang'anani pamene pakhala Nyangu.

Tsono wina anganene kuti, basi, ifenso tilembe chipepala chathu, pamwamba Nyangu, pansi ine. Ndaonapo mapepala otere m'manja mwa anthu ena muno mu Lusaka, otayipidwa bwino pa kompyuta, ndipo ndiyenera kukuchenjezani. Nyangu si mai mmodzi. Ndi dzina lolowa. Mwini dzina akamwalira, wina wa m'bele lomwelo amalowa dzinalo, natenga ndi ubale wonse wa womwalirayo: amene anali ana a woyambayo amakhala ana ake, amene anali alongo amakhala alongo ake. Mwambo umenewu ndi umene umachititsa kuti mfumu ina izitchula mfumu inzake kuti mwana wanga kapena mphwanga, ngakhale kuti amene anabalanadi anafa zaka mazana apitawo. Ndi nzeru yaikulu, pakuti imasunga mgwirizano wa maufumu kuti usaole. Koma kwa munthu wowerenga mibadwo ndi msampha. Nkhalamba ikakuuzani kuti kholo lathu linali mwana wa Nyangu, funso n'lakuti Nyangu wake uti, ndiponso mwana wobala kapena mwana wa dzina? Azimai 10 olowana dzina amasanduka mai mmodzi m'kamwa mwa ofotokoza, ndipo zaka 300 zimapindika kukhala ngati dzana. A Samuel Ntara, amene analemba Mbiri ya Achewa, ndi ofufuza ena amene anabwera pambuyo pawo monga Harry Langworthy ndi Kings Phiri, onse analimbana ndi vuto limeneli.

Masamu aja amagwiranso ntchito kwa ife. Ngati Nyangu woyamba anakhala ndi moyo zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo mbeu yake inachuluka, ndiye kuti ambiri a ife m'chipinda chino tili ndi kadontho ka magazi ake, kudzera uku kapena uko, a Phiri ndi a Banda omwe, a Mbewe, a Mwale ndi a Nkhoma, ngakhale asuweni aja ali pafupi ndi mapoto. Zimenezi zitikondweretse, koma zisatipenge. Kadontho ka magazi si bele. Bele ndi njira imodzi yokha, yochoka kwa mai kupita kwa mwana wake wamkazi, osadumphira kwa mwamuna ngakhale kamodzi. Milandu ya ufumu imene yafika mpaka ku makhoti, midzi n'kugawikana, abale osadyerana, kawiri-kawiri gwero lake ndi munthu amene wasokoneza ziwirizi, mwadala kapena mosadziwa. Wa m'tauni wokhala ndi ndalama ndi pepala lotayipa akhoza kugonjetsa nkhalamba yonena zoona, ngati ife tonse sitidziwa mabele athu.

Mwina achinyamata mukuti njira yowerengera kuchikazi ndi yachikale. Imvani ichi. Mu 2012, mu mzinda wa Leicester ku England, ofukula zakale anapeza mafupa pansi pa malo oimikapo magalimoto. Ankaganiza kuti ndi a mfumu Richard III, amene anaphedwa pa nkhondo mu 1485. Nanga akanatsimikiza bwanji? M'thupi mwa munthu muli kachidutswa ka DNA kamene timalandira kwa amai okha. Mwana wamwamuna amakalandira koma sakapatsira ana ake. Mwana wamkazi ndiye amakapitiriza. Akatswiriwo anatsata mlongo wake wa mfumuyo, Anne wa ku York, mwana wake wamkazi, mdzukulu wake wamkazi, motsika choncho kwa zaka zoposa 500, mpaka anapeza anthu amoyo a m'bele limenelo. Atayeza, zinagwirizana, ndipo analengeza mu February 2013. Anayesanso njira ya kuchimuna, kutsata abambo okha-okha a m'banja lachifumulo. Imeneyo sinagwirizane: penapake pa mzerawo panali mwana amene atate ake sanali amene analembedwa m'buku. Nditamva nkhani imeneyi ndinakumbuka ambuya anga. Iwo ankati mkamwini ndi tambala wobwereka, ndipo wobala mwana sakayikitsa chifukwa anamkungwi analipo. Mfumu ya Angelezi inadziwika ndi mbumba yake.

Ndabwera nazo kutali, tsopano ndifike pakhomo. Chimene chinandichititsa kusankha mutu umenewu ndi maliro amene tinali nawo mu komboni ina muno zaka zingapo zapitazo. Anamwalira mai wachikulire amene anabwera mu Lusaka ndi amuna awo dziko litangolandira ufulu. Amunawo anatsogola kale. Ana anabadwira muno, adzukulu anabadwira muno, Chinyanja chawo n'cha m'tauni. Atatiitana ife a bungwe kuti tithandize kuuza abale, tinafunsa anawo kuti kwanu n'kuti. Anati ku Katete. Mudzi? Anatulutsa reji ya malemuwo. Mudzi unalembedwapo unali wa apongozi awo aamuna, pakuti pokalembetsa anapita ndi amuna awo, ndipo kalaliki analemba zimene mwamunayo ananena. Nkhoswe ya ukwati wawo inali yani? Sadziwa. Malume wanu ndani? Anamvapo kuti alipo, koma sanamuonepo. Thupi linakhala masiku anai m'nyumba yachisoni ife tikuyendayenda. Amene anatipulumutsa ndi mai wina wogulitsa nyemba pa msika wa Soweto, amene atamva dzina la paubwana la malemuwo anati, ameneyo ndi wa bele laling'ono la kwa akuti-akuti, kufupi ndi malire, m'dziko la a Mlolo. Ku Chadiza, osati ku Katete konse. Abale anafika maliro ataikidwa kale ku Chingwere. Mlongo wawo wa malemuwo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anaima pa mtumbira nafunsa anawo kuti, mbumba yanga ndi iti pano? Anawo anangoyang'anana, osadziwa kuti akunena iwo.

Chibale ndi fupa, sichiola, anatero akale. N'zoona, koma fupa likhoza kukwiririka pamalo poti palibe wodziwa.

Sindikuimba mlandu anawo, kapena makolo awo. Moyo wa m'tauni unatembenuza zinthu. Kumudzi mwamuna ankapita chikamwini, ana n'kukulira pakati pa amalume awo. Muno nyumba ndi ya bambo, lendi amalipira bambo, dzina la pa sukulu ndi pa reji ndi la bambo. Ngakhale kumudzi komwe, chiwongo chimene timaitanirana lero ambiri timatengera kwa atate, pamene kale mtundu wa munthu unali wa amai ake. Motero munthu akhoza kumatchedwa Banda pa mapepala onse, chikhalirecho bele lake ndi la a Phiri. Lamulo la Boma la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo linapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemuyo. Lamulo limeneli ine ndimaliyamikira, chifukwa tonse tinaona amasiye akulandidwa ndi mbale zomwe m'dzina la mwambo. Koma dziwani kuti silikhudza minda ya kumudzi imene ili pansi pa mafumu, ndiponso silikhudza ufumu. Kumeneko funso likadali lakale lija: unabadwa mwa yani? Mwana wa ku Mtendere amene ntchito yamuthera, nafuna kubwerera kukalima, akafika kwa a nyakwawa sadzafunsidwa satifiketi.

Palinso ana a maukwati osakanikirana, amene muno ndi ochuluka. Mai Mchewa akakwatiwa ndi Mngoni, mwana amalimbiranidwa mbali zonse ziwiri, ndipo ameneyo ndi wodala. Koma bambo Mchewa akakwatira mkazi wa mtundu wowerengera kuchimuna, ife timati mwana ndi wa kwa amake, iwo amati ndi wa kwa atate ake, mwanayo n'kutsala pakati ngati mbuzi ya maliro. Ana otere tisawakane. Tiwauze mbali zonse ziwiri moona, adziwe kumene angakagogode.

Nanga tichite chiyani? Musayambire kwa Nyangu kutsika pansi. Yambirani pa inu nokha kukwera m'mwamba, ndipo poyamba pitani kwa mai wamkulu koposa amene akali moyo m'banja mwanu, sabata ino, osati chaka chamawa. Azibambo amadziwa nkhani za nkhondo ndi za mafumu, koma za yemwe anabala yani funsani azimai, pakuti iwo ndiwo anali m'chikuta. Funsani maina onse a munthu mmodzi: la paubwana, la pachinamwali, la ubatizo, ndi lolowa ngati lilipo, chifukwa mai mmodzi akhoza kuoneka ngati anthu atatu. Funsani mudzi, mfumu, mtsinje umene ankatunga madzi, maka-maka manda. Midzi imasamuka ndi kusintha maina, koma manda sasamuka.

Zaka musazifunse ndi manambala. Funsani ndi zochitika. Kodi anali atatha msinkhu pa njala ya 1949? Kodi anabadwa amuna atatengedwa kukanyamula katundu pa nkhondo ya 1914, kapena pa chimfine chija chinapha anthu mu 1918? Kodi anaona Azungu akugonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898? Ndi njira imeneyi ndinapeza kuti mai wanga wachisanu ndi chimodzi uja ayenera kuti anabadwa chisanafike chaka cha 1835, pamene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa litadetsedwa. Ndiye kuti anali wamoyo pamene Mpwitikizi Gamitto anadutsa m'dziko la Achewa mu 1831 napita kwa Kazembe, akulemba za miyambo yathu. Gamitto analemba za mafumu amene anamulipiritsa msonkho wa njira. Za mai wobisa ana kuphanga sanalembe.

Zolembedwa nazonso tili nazo, zoposa zimene ambiri amaganiza. Mishoni za Adatchi zinayamba ku Magwero mu 1899, ku Madzimoyo mu 1903 ndi ku Nyanje mu 1905, ndipo mipingo yakale, ya Akatolika ndi ya Anglican yomwe, inkalemba obatizidwa pamodzi ndi makolo awo. Ku National Archives muno mu Lusaka kuli mabuku a maboma amene mabwana a DC ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi. Muwawerenge mosamala: wolembayo anali mlendo, womasulira anali ndi abale ake, ndipo wofotokozayo nthawi zina ankafuna mpando. Musaiwalenso kuti malire a maiko atatu anadula pakati pa mabele athu. Ambiri mudzapeza kuti mai wanu wachinai kapena wachisanu anagona ku Mozambique kapena ku Malawi, ndipo ena a m'banja anapita ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Joni nakhala machona. Ku Mkaika kumabwera mafumu ndi anthu a maiko onse atatu. Musangopita kukaonera gule ndi kugula zitenje. Tengani kabuku, mukafunse.

Za kuyezetsa DNA, zimene adzukulu anga amandiuza kuti munthu amatumiza malovu kunja nalipira madola, sindiletsa amene ali nazo ndalama. Adzakuuzani kuti makolo anu anali a kuno ku Africa, a mitundu yolankhula zinenero za Chibantu. Zimenezo ambuya anu akanakuuzani ulere, naonjezapo dzina la mudzi.

Ndipo pamene maina athera, imani pomwepo. Musaonjeze. Ngati mwafika pa mibadwo inai, lembani inai. Mzera waufupi woona udzathandiza mdzukulu wanu pa tsiku la maliro kapena pa bwalo la a nyakwawa. Mzera wautali wopeka udzamuchititsa manyazi pamaso pa nkhalamba zodziwa. Pa kabuku kanga, pamwamba pa maina asanu aja, mpaka lero palembedwa kuti: mai amene anabisa ana kuphanga. Ndinayesedwapo kumupatsa dzina, ndipo munthu wina anandiuza kuti pa ndalama pang'ono akhoza kundilumikiza ndi banja lina lachifumu. Ndinakana. Phangalo ndinakaliona mu 1981, mlongo wanga atanditsogolera; ndi laling'ono, munthu wamkulu amalowa chokwawa.

Bwenzi langa Mngelezi anabwerera kwawo kale-kale, ndipo tinalemberana makalata kwa zaka zingapo. Nditamutumizira maina anga aja anandiyankha kuti iye atayesa kutsata azimai okha-okha, monga momwe ambuya anga anachitira, anathera pa mibadwo isanu, chifukwa kwawo mkazi akakwatiwa dzina lake limamira m'dzina la mwamuna.

Kabuku kaja ndakakopera m'buku lina lachikuto cholimba, ndaonjezamo ana ndi adzukulu a alongo anga onse, ndi kumene aliyense akukhala, kaya ku Chawama kaya ku Kitwe. Mwezi wathawu ndinakapereka. Mwana wanga wamwamuna woyamba, amene ali pano ndipo akundiyang'ana, anadandaula kuti bwanji sindinapatse iye. Ndinamuuza kuti iye apite kwa amai ake akatenge maina a kwawo, ndipo ndamugulira kale buku lake. Langali ndinapatsa mdzukulu wamkazi wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 19 wa ku George, amene ndi wachisanu ndi chinai pa mzera uja. Akwera nafe basi ya ku Mkaika, ndipo pobwerera tidzatsikira kumudzi kuti akaone manda ndi phanga lija.

A Wapampando, ndathera pamenepa. 

Yooo Gawa!